PAKATI PA "PALIBE VUTO" NDI "AKAKUOCHANI"

Mwezi uno tifuna kukambirana za mau awiri amene timawamva kawirikawiri kuno ku Petauke ndi ku Nyimba pamene wina wadwala. Oyamba amacokera m'cipatala. Munthu akalembedwa kuti akajambulidwe X-ray, nafunsa mwamantha ngati makinawo sadzamuononga m'thupi, nthawi zina amayankhidwa mwacidule kuti, "Palibe vuto, imani apo." Aciwiri amacokera kumudzi. Mai akapatsidwa kalata yopita ku Lusaka kukalandira cithandizo ca khansa, anansi amamunong'oneza kuti, "Musapite amai, kumeneko akakuochani." Mau onse awiriwa amanenedwa ndi anthu omufunira wodwala zabwino, koma onse amamusiya mumdima.

Nkhaniyi si yaing'ono, pakuti pakati pa mau awiriwa pamatayika miyoyo. Pali bambo wotsokomola miyezi itatu amene amakana kujambulidwa pacifuwa poopa kuti makina "amamaliza magazi", ndipo amapitiriza kupatsira ana ake TB m'nyumba. Pali mai amene matenda ake akanaciritsika, koma kalata ya dokotala amaipinda naiika pansi pa sutukesi, kufikira tsiku limene acibale adzamunyamule pa ngolo zinthu zitafika kale poipa. Ife tikhulupirira kuti wodwala ayenera kuuzidwa zinthu zitatu: kuti kuopsa kulipo, kuti kukula kwake ndi kotani, ndiponso phindu limene akuyembekeza kupeza. Ayenera kuzimva zonse zitatu, m'cilankhulo cimene amalankhula kwao.

CEZA COSAONEKA NDI MUYESO WAKE

Makina a X-ray anayamba ndi Wilhelm Röntgen, mphunzitsi wa sayansi mu mzinda wa Würzburg ku Germany, amene mu Novembala 1895 anatulukira mtundu wa ceza cimene maso satha kuciona. Ceza cimeneci cimapyola mnofu mosavuta koma cimachingidwa ndi mafupa, ndico cifukwa cake pa cithunzi mafupa amaoneka oyera. Cimodzi mwa zithunzi zake zoyamba cinali ca dzanja la mkazi wake, mphete ili pa cala. Kuyambira pamenepo dokotala anayamba kuona fupa lothyoka kapena mapapu odwala popanda kung'amba munthu.

Koma ceza copyola m'thupi cimasiya kanthu m'njira. Thupi lathu linamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono tochedwa maselo, ndipo ceza cimatha kuvulaza ena mwa iwo. Nthawi zambiri thupi limakonza lokha pamene pavulalapo. Mwa apa ndi apo selo limodzi limakonzeka molakwika, ndipo patapita zaka zambiri lingasanduke khansa. Ceza cikaculuka, mpata wa zimenezi umakulanso. Cotero funso limene munthu wanzeru afunsa ndi lakuti: ceza cake ndi coculuka bwanji?

Akatswiri ali ndi muyeso wake, monga ife tili ndi meda ndi thini poyesa cimanga. Muyesowo amaucha milisiveti. Munthu aliyense, ngakhale amene sanapondepo pa cipatala, amalandira mamilisiveti 2 kapena 3 pa caka kucokera m'nthaka, m'miyala, mumlengalenga ndi m'zakudya. Ngakhale nthoci za pa Nyimba, zimene apaulendo amagula pa mazenera a basi, zili ndi mcere wa potaziyamu umene umatulutsa ceza pang'ono kwambiri, ndipo mcere womwewo uli m'matupi mwathu. X-ray imodzi ya pacifuwa imapereka 0.1 kapena kuceperapo, ndiko kunena ceza cimene munthu amalandira m'masabata awiri kapena kuceperapo atangokhala pamudzi. Makina aakulu ochedwa CT, amene amapezeka m'zipatala zikuluzikulu, ndi nkhani ina: kujambula pamimba kamodzi kumafika pa 8 kapena 10, kofanana ndi ceza ca zaka ngati zitatu.

Manambala awa ndi othandiza, koma asakhale cida cotsekera anthu pakamwa. Wocenjera wina angathe kunena kuti, "Popeza mumadya nthoci, musafunsenso kanthu." Kumeneko ndi kunyenga, pakuti ceza ca nthoci ndi ca CT zimasiyana ngati supuni ya madzi ndi mtsinje wa Luangwa. Fanizo labwino limamutsegula maso wodwala kuti aone kukula kwa cinthu, kenaka asankhe yekha.

CIFUKWA CAKE "PALIBE VUTO" SIKUKWANIRA

Mau akuti "palibe vuto" ali ndi mbiri yowawa. Ca m'ma 1920, mu mzinda wa Orange m'cigawo ca New Jersey ku America, atsikana ankagwira nchito yopaka utoto wowala usiku pa manambala a mawochi. Mu utotowo munali radiyamu, cinthu cotulutsa ceza camphamvu. Anawaphunzitsa kusongola burashi ndi milomo, nawatsimikizira kuti utotowo sungawacite kanthu. Patapita zaka mano ao anayamba kuguluka, nsagwada kuwola, ndipo ena anamwalira akali atsikana. Grace Fryer ndi anzake anai anasumira kampaniyo, ndipo mlandu unatha mu 1928 pamene iwo anali atadwala kale kwambiri.

Ngakhale madokotala anakhulupirira kwa nthawi yaitali kuti X-ray singacite kanthu kwa mwana wa m'mimba, ndipo ku England ankajambula amai apakati popanda nkhawa. Mu 1956 dokotala wina wamkazi, Alice Stewart wa ku Oxford, anafalitsa zimene anapeza, zoonetsa kuti ana amene anajambulidwa ali m'mimba ankadwala khansa koposa anzao. Panatenga zaka kuti anzake a nchito amumvere. Lero m'zipinda zojambulira amafunsa mai ngati ali ndi pakati asanamujambule, ndipo funsoli tinalilandira kwa munthu amene anakana kukhutira ndi mau otonthoza.

Kwathu kuno, "palibe vuto" amalephera pa cifukwa cinanso: wodwala ali ndi maso. Amaona cizindikiro ca mapiko atatu pa citseko. Amaona wojambula atavala kabaji pacifuwa, ndipo pofuna kudina batani amathawira kuseri kwa khoma. Mumtima amati, "Ngati palibe vuto, nanga iyeyu akubisala ciani?" Akabwerera kumudzi amakafotokoza zimene anaona, ndipo mphekesera imabadwa pamenepo. Pamene yankho lake ndi lapafupi. Mai wopita kucigayo kamodzi pa sabata sadwala ndi fumbi la ufa, koma mnyamata wogaitsa kuyambira m'mawa mpaka madzulo ayenera kumanga nsalu pamphuno. Wodwala amajambulidwa kamodzi, wojambula amakhala m'cipindamo tsiku lililonse kwa zaka zambiri. Kabaji kaja kamayesa ceza conse cimene iye walandira. Kufotokoza zimenezi sikutenga mphindi imodzi, koma kukanachinga mabodza ambiri.

Tidziwenso kuti makinawa ali pansi pa lamulo. Mu 2005 dziko la Zambia linakhazikitsa lamulo loteteza anthu ku ceza camtunduwu, ndipo bungwe la Radiation Protection Authority ndilo limapereka cilolezo ndi kuyendera malo amene ali ndi makina otere. Ojambula ambiri anaphunzira nchitoyi ku Evelyn Hone College ku Lusaka. Boma silikanaika lamulo pa cinthu copanda vuto lililonse. Analiika cifukwa ceza cili ngati moto: cimathandiza cikakhala m'manja mwa wodziwa.

MANTHA NAONSO AMAPHA

Tsopano titembenukire mbali yaciwiri. Pa 26 Epulo 1986 malo opangira magetsi a nyukiliya anaphulika ku Chernobyl, m'dziko limene lero ndi Ukraine. Akuluakulu a boma anayamba ndi kubisa. Anthu a m'tauni ya Pripyat anasamutsidwa tsiku lotsatira, ndipo dziko lonse linamva za ngoziyi pamene makina a ku Sweden anazindikira ceza mumphepo. Ana ambiri a m'madera ozungulira anapitiriza kumwa mkaka woipitsidwa, ndipo pofika mu 2005 oposa 6,000 mwa iwo anali atadwala khansa ya cithokomiro ca pakhosi. Umo ndi mmene kubisa kunaonongera.

Koma kutali ndi Chernobyl kunacitika cina. Ku Greece ceza cimene cinafika cinali cocepa kwambiri, cosakhoza kuvulaza mwana wa m'mimba. Kaamba ka nkhani zosokonezeka ndi malangizo otsutsana, amai ambiri anagwidwa ndi mantha akuti adzabereka ana olumala. Ofufuza a m'dzikomo anawerengera kuti mimba pafupifupi 2,500, za ana amene makolo ao ankawafuna, zinacotsedwa m'mwezi wotsatira ngoziyo. Ana amenewo anaphedwa ndi mantha, ceza sicinawakhudze. Mu 2000 bungwe la akatswiri la International Commission on Radiological Protection linanena poyera kuti ceza cosafika pa 100 si cifukwa cocotsera mimba. Pojambula pacifuwa, mwendo kapena dzanja la mai wapakati, cimene cimafika kwa mwana sicifika ngakhale pa 1.

Cotero mai wapakati amene wagwa pa njinga yamoto ca ku Kacholola, nathyoka mwendo, asakane kujambulidwa. Angonena msanga kuti ali ndi pakati, kapena kuti akuganiza kuti ali napo, ndipo a cipatala adzaona cimene cingacitike. Mai amene anajambulidwa asanadziwe kuti waima, apite akafunse kwa dokotala, asagone ndi nkhawa miyezi yonse.

Palinso cisokonezo ca dzina. Kuno cilicose timangociti "sikani". Koma sikani ya amai apakati, ija amapaka mafuta pamimba nayendetsa kacida pamwamba, imagwiritsa nchito mafunde a phokoso limene khutu silimva, ndipo mulibe ceza ca X-ray ngakhale pang'ono. CT nayonso anthu amaicha sikani, pamene ndiyo ili ndi ceza coculuka koposa X-ray wamba. Wogwira nchito m'cipatala akanena kuti "mukapite ku sikani", anene kuti ndi iti.

Pa TB, kuwerengera kwake ndi koonekeratu. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2013 ndi 2014, amene anayenda ndi makina a X-ray m'midzi ndi m'matauni, anapeza kuti pa akulu 100,000 alionse m'Zambia, 638 anali ndi TB ya m'mapapu. TB yosaciritsidwa imapha munthu m'zaka zocepa, ndipo imalowa m'banja lonse. Kuopsa kwa X-ray imodzi ya pacifuwa ndi kocepetsetsa poyerekeza ndi zimenezo. Komabe anthu athu sanaiwale mphekesera za banyama za m'nthawi ya atsamunda, ndi za usatana za m'zaka zapitazi. Galimoto ya makina ikafika pamudzi popanda kudzera kwa amfumu, popanda wofotokoza m'Cinsenga kapena m'Cinyanja kuti cithunzico cipita kuti ndipo zotsatira zibwera liti, tisadabwe anthu akathawira kumunda.

"AKAKUOCHANI"

Mau awa ndiwo olemera koposa, pakuti akhudza amai athu. Khansa ya khomo la ciberekero ndiyo imagwira amai ambiri m'Zambia kuposa khansa ina iliyonse. Mu 2006 munayamba nchito yopima amai kuti matendawa apezeke msanga, ndipo mu 2007 Pulezidenti Levy Mwanawasa anatsegula cipatala ca Cancer Diseases Hospital ku Lusaka. Cisanamangidwe, wofuna cithandizo ca ceza ankayenera kutumizidwa kunja kwa dziko, ndipo ocepa okha ndiwo ankapita. Kucokera ku Nyimba kufika ku Lusaka ndi makilomita oposa 300, kucokera ku Petauke ndi pafupifupi 400. Mai amene wauzidwa kuti apite amaganiza za ndalama ya basi, za munda, za ana, za kumene akagone. Pamwamba pa zonsezi wina akamuonjezera mau akuti "akakuochani", ulendo umathera pomwepo.

Coonadi cake ndi ici. Pa cithandizo cimeneci palibe moto. Wodwala amagona pa bedi kwa mphindi zocepa, makina amalunjikitsa ceza pa cotupa, ndipo pa nthawiyo samva kuwawa. Ceza cake ndi coculuka ndithu, kuposa ca X-ray kutalitali, pakuti colinga cake ndi kupha maselo a khansa. Ndico cifukwa cake amacigawa pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku, kwa masabata ngati asanu, kuti mnofu wabwino uzipeza mpata wocira. Pa khansa ya khomo la ciberekero amaonjezera cina: amalowetsa kacida kotulutsa ceza pafupi ndi cotupa kwa kanthawi, kenaka amakacotsa. Cithandizo conse ciyenera kutha m'masabata asanu ndi atatu, ndipo kudukiza pakati kumacepetsa mwai wocira.

Zowawa zake ziliko, ndipo ziyenera kunenedwa wodwala asanayambe. Amafooka, angatsegule m'mimba, angamve kuwawa pokodza, khungu la pamalopo lingade kapena kusupuka. Mai amene anali akusambabe amasiya kusamba, ndipo kawirikawiri saberekanso. Za m'banja zingavute kwa kanthawi, ndipo anamwino ali ndi malangizo ake. Mai amene sanauzidwe zimenezi, akaona khungu likuda pa sabata lacitatu amati anansi aja ananena zoona, nathawa cithandizo cili pakati. Amene anauzidwa amati, "Izi ndi zija ananena adokotala," napirira.

Cinanso ciyenera kunenedwa kwa banja lonse. Mai wobwera ku cithandizo cotere sabwera ndi ceza m'thupi. Angathe kuphika, kunyamula mdzukulu, kudyera m'mbale imodzi ndi anzake, kugona m'nyumba imodzi ndi amuna ake. Kumupatula ndi kumuonjezera mtanda wopanda cifukwa. Ndipo akanena kuti "uje anapita kukaochedwa, sanabwerere wamoyo", tifunse kuti anapita liti. Ambiri amafika ku Lusaka matenda atafalikira kale, pamene ceza cingangocepetsa ululu ndi kutaya magazi. Amene apita msanga, ambiri amacira. Mphekesera imacedwetsa mai, kucedwako kumamupha, ndipo imfa yake imadyetsa mphekesera yomweyo.

CALA PA PEPALA

Wodwala asanalandire cithandizo cacikulu amapatsidwa pepala kuti asaine kapena adinde cala. Pepalalo kawirikawiri limakhala m'Cingelezi. Namwino angakhale wocokera ku cigawo cina, wodziwa Cibemba kapena Citonga, pamene agogo a kwa Ndake kapena kwa Kalindawalo amalankhula Cinsenga. Cala cimadindidwa, koma mtima sunamve kanthu. Kuvomera kwenikweni kumabwera pamene munthu wamva, wafunsa, ndipo akudziwa kuti ali ndi ufulu wokana. Njira yapafupi yodziwira ngati wamva ndi kumupempha kuti abwereze m'mau ake zimene wauzidwa.

Kwathu nkhani ya matenda imakambidwa ndi banja. Amuna ake a wodwala, atsibweni ndi apongozi onse amakhala ndi mau, ndipo mwambo umenewu uli ndi ubwino wake, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma tisalole kuti dokotala afotokozere acibale pakhonde pamene mwini thupi wagona m'kati osadziwa kanthu. Ena amati tikamuuza ataya mtima. Wodwala amadziwa kale kuti zinthu sizili bwino, ndipo cimene cimamulefula ndi kuona kuti onse akunong'onezana iye akuyang'ana. Auzidwe mofatsa, pang'onopang'ono, pali munthu amene iye wamusankha kuti akhale naye.

Tikudziwa kuti anchito a zaumoyo ndi ocepa, ndipo mzere wa odwala pa Minga, pa Kalindawalo, pa Petauke kapena pa Nyimba umakhala wautali. Sitikuwapempha kuti aphunzitse sayansi kwa aliyense. Tikuwapempha ziganizo zitatu: "Tikufuna kuona cakuti. Ceza cake ndi cocepa ngati ca masiku akuti. Tikapanda kujambula, coopsa ndi cakuti." Mu 2016 bungwe la World Health Organization linatulutsa buku lonse lothandiza anchito a zaumoyo kulankhula ndi makolo za kujambula ana, pozindikira kuti ana ndiwo amakhudzidwa kwambiri ndi ceza, ndipo makolo ayenera kumva zoona popanda kuopsezedwa.

MBALI YATHU

Ifenso odwala ndi osamalira odwala tili ndi nchito. Safunsa anadya phula. Tikalembedwa kukajambulidwa, tifunse mwaulemu kuti: "Kodi mukufuna kuona ciani? Kodi ndi X-ray, CT, kapena sikani ya phokoso? Ndikapanda kujambulidwa, cingacitike nciani?" Ngati tinajambulidwa posacedwa pa cipatala cina, tinene, ndipo cithunzi cakale tiyende naco kuti tisajambulidwe kawiri pa cinthu cimodzi. Tisakakamizenso dokotala kuti atijambule pamene iye waona kuti sikofunika. Ena mwa ife timaganiza kuti X-ray ndi mankhwala, ndipo tikabwerako osajambulidwa timati sanatithandize. Cithunzi cosafunika cimangopereka ceza popanda phindu.

Pomaliza, tilankhule kwa ife amene timayendera odwala m'miphakati yathu. Wodwala amakhulupirira mau athu koposa a mlendo wovala zoyera, ndipo cikhulupiriro cimeneco ndi katundu wolemera. Lamulo lacisanu ndi citatu silikhudza mboni za m'khoti zokha. Limakhudzanso ife pamene tikhala pambali pa mphasa ya wodwala ndi kubwereza zimene tinamva kucitsime. Ngati sitidziwa cenicenico, timuperekeze kwa wodziwa. Ngati mai wa m'mphakati mwathu wapatsidwa kalata ya ku Lusaka, tisonkhe ya basi, tigawane masiku olima m'munda mwake, tione amene asunge ana, ndipo tipeze m'bale wa ku Lusaka amene angamulandire. Masabata asanu ndi atatu ndi ambiri kwa mai amene ali yekha, koma mphakati wa mabanja makumi awiri ungathe kuwasenza.